Kutsata Munthu Sikumuwenda

Ndikufuna ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere teremu yonse ino. Ena mwa inu mukaona kuti nkhani yake ndi ya mawu a Chingerezi mufuna kutembenuza tsamba, poganiza kuti zimenezo ndi za m'kalasi. Ndikupemphani kuti mudikire pang'ono, pakuti mawu amodzi okha a Chingerezi adatsala pang'ono kumulanda mnzanga wina mwayi wa sukulu.

Mnzangayo, amene dzina lake sinditchula ngakhale wandilola kufotokoza nkhaniyi, ndi mwana wamasiye. Fizi yake amalipira mayi ena achikulire a ku England, amene adamudziwa kudzera mwa Abambo a ku parishi ya kwawo. Pa holide yapitayi adabwereka foni ya msuweni wake napeza mayi aja pa Facebook. Adakondwa kwabasi kuona nkhope ya munthu amene wakhala akumuthandiza, dimba lawo la maluwa, galu wawo ndi zidzukulu zawo. Tsiku lililonse ankatsegula tsamba lawo. Tsono adaganiza zowalembera uthenga wothokoza, ndipo ankafuna kuwauza kuti wakhala akuwatsata. Mawu oti follow adawaona ngati opepuka, oyenera mwana wa ku pulayimale. Adatsegula buku lija la mawu ofanana matanthauzo, lotchedwa thesaurus, napezamo mndandanda: follow, pursue, trail, shadow, stalk. Adasankha omalizawo chifukwa adali asanawamvepo, ndipo kwa iye ankamveka ngati a munthu wophunzira. Motero adalemba kuti: "Dear Madam, I have been stalking you and your grandchildren every day."

Mayi aja sadayankhe. Patapita masiku atatu adamutsekera kuti asaonenso tsamba lawo. Patapita sabata Abambo a ku parishi adalandira kalata yofunsa kuti mnyamatayu ndi wamakhalidwe otani, ndiponso kuti thandizo liyambe laima kufikira nkhaniyi itamveka bwino.

Potsegulira teremu mnzangayo adabwera ali khuma, nsima osalowa. Sankaona chimene adalakwa. Adandionetsa uthenga uja, umene adaukopera m'kope, ndipo ndivomere pano kuti nanenso sindidaone cholakwika chilichonse. Ndidangoti mwina mayiwo ndalama zawathera, akufuna pothawira. Adatitsegula maso ndi Abambo amene amatiphunzitsa Chingerezi. Atawerenga adavula magalasi, nakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa kuti, "Mwana wanga, kwanu mphaka akafuna kugwira nkhunda amachita chiyani?" Mnzanga adati, "Amaiwenda, Abambo." Iwo adati, "Ndi zimene wawauza amayiwa. Wati ukuwawenda, iwo pamodzi ndi zidzukulu zawo, tsiku ndi tsiku."

Mawu oti stalk ndi akale kwambiri m'Chingerezi, ndipo ndi apachibale ndi steal, kuba. Poyamba ankanena za mlenje woyenda monyang'ama kuti nyama isamumve, ndipo ku Scotland mpaka lero osaka nyama zonga agwape m'mapiri amati akuchita stalking. Koma ponena za anthu, mawuwa ndi oopsa. Mu 1989 mtsikana wina wochita zisudzo za pa kanema ku America, dzina lake Rebecca Schaeffer, adaphedwa pakhomo pa nyumba yake ndi mwamuna amene adakhala akumulondalonda nthawi yaitali. Chaka chotsatira, mu 1990, dera la California lidakhala loyamba m'dzikolo kukhazikitsa lamulo loletsa stalking. Ku England ndi ku Wales khalidweli lidakhala mlandu wokhala ndi dzina lakelake m'malamulo mu 2012, ndipo munthu amatha kupita nalo kundende. Taganizani tsono mayi wachikulire wokhala yekha, kulandira uthenga wotere kuchokera kwa munthu amene sadamuonepo, wotchulanso zidzukulu. Ine sindikuwadzudzula.

Komanso sindikudzudzula mnzanga yekha. Vuto lili pa momwe ambiri a ife timaphunzirira Chingerezi. Timakopera mindandanda ya mawu m'makope, n'kumaloweza ngati kuti mawu asanu olembedwa mumzere umodzi ali ngati mazira asanu a nkhuku imodzi, oti utha kutola lililonse. Pamwamba pa apo tili ndi matenda okonda mabomba. Pa mtsutso wa Loweruka madzulo, amene amaomberedwa m'manja ndi uja waponya mawu aatali oti theka la holo silidawamve, osati uja wanena mfundo yomveka. Ine ndemwe ndaombapo m'manja motero, ndipo ndaponyapo mabomba amene tanthauzo lake ndidakalifufuza mtsutso utatha. Mnzanga uja adangochita poyera zimene tonse timachita m'chimangirizo, kungoti ife cholembera chofiira cha aphunzitsi chimatipulumutsa zisanatuluke kunja kwa mpanda.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza mawu a banja limeneli, ndipo ndapeza kuti onsewo amajambula chithunzi chimodzi: wina ali patsogolo, wina ali pambuyo. Chimene chimawasiyanitsa ndi mafunso amene thesaurus siyankha. Kodi wapatsogoloyo akudziwa kuti pambuyo pake pali munthu? Kodi akufuna kuti pakhale munthu? Kodi akuoneka ndi maso, kapena wangosiya mapazi? Nanga wapambuyoyo akamupeza achita naye chiyani?

Follow ndiwo mawu ofatsa pa onse. Ndiko kutsata kapena kutsatira. Mwana wa mbuzi amachita follow mayi wake, ndipo palibe akuthawa. Mphunzitsi akafunsa kuti "Do you follow?" sakutanthauza miyendo koma mutu, kuti kodi mukumva. Chase ndi kuthamangitsa: pali liwiro, fumbi ndi wefuwefu, ndipo wapatsogoloyo akudziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake akuthawa. Pursue ndi kuthamangitsa komwe koma kwa munthu wosatopa, woti ngakhale kude adzayambiranso m'mawa. N'chifukwa chake amanenanso za maphunziro ndi zolinga za moyo, zimene sizigwidwa tsiku limodzi. Shadow ndi tail ndi mawu a apolisi ofufuza: woyambayo akuti ukhale ngati chithunzithunzi cha munthu, wachiwiriyo akuti ukhale ngati mchira wake, kumutsatira kulikonse iye osadziwa, koma cholinga n'kungoona kumene akupita. Hound ndi kumusowetsa munthu mtendere monga agalu amachitira ndi kalulu, kapena monga amachitira munthu wa ngongole amene amakupeza ngakhale pa maliro. Ndipo stalk, monga tamva, ndiko kuwenda.

Koma mawu amene andikoka mtima kwambiri ndi track, trail ndi trace, chifukwa m'menemo wothamangitsidwayo saoneka n'komwe. Pamenepa ndidazindikira kuti tanthauzo lake ndidalidziwa kale ndisanalowe m'kalasi ya Chingerezi. Kwathu tikatha kukolola, anyamata timapita kukakumba mbewa. Mbewa siuiona masana. Chimene umaona ndi mpita, kanjira kosalala m'udzu, ndipo umaulondola mpaka pa una. Ukafika pa una suyamba n'kukumba. Umayamba wayang'ana mbuli, potulukira pobisika, n'kuikapo mnzako wa chibonga, apo ayi ukumba thukuta lili kamukamu mbewa zitatuluka kale kumbuyo. Umayang'ana ngati dothi la pakhomo lili latsopano, ngati pali zitosi, ngati kangaude walukapo ukonde, pakuti una wa ukonde mulibe kanthu. Zonsezi ndiye tracking: kuwerenga zizindikiro zimene chinthu chasiya.

Agogo anga aamuna, amene sukulu adalekezera Sitandade 2, adandiphunzitsa kusiyana kwa track ndi trail popanda kudziwa mawu amodzi a Chingerezi. Mbuzi yathu itasowa usiku wina, m'mawa adanditenga kumunsi kwa khola nandiuza kuti, "Iwe mdzukulu, taona apa. Awa ndi mapazi, mbuzi imayenda yokha. Koma kuyambira apa ndi mkukuluzi, imachita kukokedwa." Mapazi aja ndiwo tracks. Mkukuluzi uja ndiwo trail, pakuti mawu amenewa poyamba ankanena za chinthu chokhwekhwerezedwa pansi, ndipo n'chifukwa chake ngolo yokokedwa ndi lole timaitcha thirela. Trace ndi kachizindikiro kakang'ono kotsalira, monga kaubweya kamene agogo adakapeza pa minga, ndipo ngati mneni amatanthauza kulondola chinthu chobwerera m'mbuyo mpaka kumene chidachokera. Mbuzi ija sitidaipeze, koma tidadziwa kuti adali fisi osati munthu, ndipo m'mudzi simudakhale mlandu.

Ndidafunsa Abambo kuti n'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi mawu ochuluka chotere pa chinthu chimodzi. Yankho lake lili m'mbiri. Follow ndi hunt ndi mawu a Angerezi akale enieni, ndipo follow ali ndi mbale wake m'Chijeremani, folgen. Koma mu 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake mafumu ndi nduna ankalankhula Chifalansa. Anthu amenewa ankakonda uzimba kuposa china chilichonse. Adapatula nkhalango zikuluzikulu kuti zikhale zosakamo mfumu, ndipo munthu wamba wopezeka atapha nyama m'menemo ankalangidwa koopsa. Kuchokera m'Chifalansa chawo mudabwera chase, pursue ndi trace. Mpaka lero ku England kuli malo otchedwa Cannock Chase, chifukwa chase ankatanthauzanso dera losakiramo nyama. Chodabwitsa china n'chakuti chase ndi catch, kuthamangitsa ndi kugwira, poyamba adali mawu amodzi. Adachokera ku mneni mmodzi wa Chilatini wa banja la capere, kugwira, koma adalowa m'Chingerezi kudzera m'zilankhulo ziwiri za ku France, china cha ku Normandy, china cha kufupi ndi Paris. Aliyense amene adathamangitsapo nkhuku ya alendo akudziwa kuti ziwirizi n'zotalikirana.

Agalu a uzimba aja adasiya mapazi awo paliponse m'Chingerezi. Wapolisi akayandikira kupeza wakuba amati ali on the scent, ngati galu amene wamva fungo. Munthu wofufuza milandu amatchedwa sleuth, mawu ochokera ku chilankhulo cha anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, otanthauza njira imene nyama yadutsa. Poyamba ankati sleuth-hound, galu wolondola fungo. Ukamaneneza munthu wosalakwa amati uli barking up the wrong tree, mawu a ku America a m'zaka za m'ma 1800, onena za galu wouwa pansi pa mtengo pamene nyama idalumphira kale mtengo wina. Ndipo mfundo yosocheretsa dala pa mtsutso amaitcha red herring. Herring ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere, imene ikaikidwa mchere n'kuwambidwa imafiira ndi kununkha kwambiri. Mtolankhani wina wa ku England, William Cobbett, adalemba mu 1807 kuti ali mnyamata adakokapo nsomba yotere pansi kuti asokoneze agalu amene ankalondola kalulu, ndipo kuchokera pamenepo mawuwa adafala. Amene timachita nawo mtsutso mundikhululukire, koma nsomba zimenezi m'holo mwathu zimanunkha Loweruka lililonse.

Pali enanso awiri amene sindingawasiye. Wild goose chase amapezeka m'sewero la William Shakespeare la Romeo and Juliet, lolembedwa cha m'ma 1595. Nthawi imeneyo ankanena za mpikisano wa akavalo, m'mene okwera onse ankayenera kutsata kulikonse kumene wapatsogolo wakhotera, monga atsekwe amaulukira motsatana. Lero amatanthauza kuvutika kufunafuna chinthu choti kulibe, monga amachitira a Fomu 1 akatumidwa ndi akuluakulu kuti akatenge kiyi wa bwalo la mpira. Enawo ndi steeplechase. Steeple ndi nsanja yosongoka ya tchalitchi. Mu 1752 ku County Cork, m'dziko la Ireland, amuna awiri adapikisana pa akavalo kuchokera pa tchalitchi cha ku Buttevant mpaka cha ku Doneraile, kulumpha mipanda ndi ngalande, maso ali pa nsanja. Dzinalo lidapita ku mpikisano wa anthu wa mamita 3,000 wolumpha zotchinga ndi dziwe la madzi, umene amuna a ku Kenya adapambana pa masewero onse a Olimpiki kuyambira 1984 mpaka 2016, kufikira Soufiane El Bakkali wa ku Morocco atawalanda ku Tokyo mu 2021.

Tsopano ndilankhule ndi anzanga amene amagona m'kalasi ya Chilatini ponena kuti ndi chilankhulo cha akufa. Mneni uja amativuta kuloweza, sequi, kutsata, ndiye kiyi wa mawu a Chingerezi osawerengeka. Second ndi amene amatsata woyamba. Sequence ndi zinthu zotsatana. Consequence ndi chimene chimatsata zochita zako, monga mnzanga adaonera. Suti imene timavala pa chikondwerero, suit, poyamba inkatanthauza gulu la otsata mfumu ndi zovala zawo zofanana. Sue ndi kutsata munthu mpaka kukhoti. Pursue ndi prosecute adachokera ku mawu amodzi a Chilatini, prosequi, ndipo ku Scotland munthu wokasuma mlandu amatchedwa pursuer. Kusintha zilembo ziwiri zokha kumatipatsa persecute, kuzunza, kutsata munthu mpaka kumutheratu. Ngakhale investigate, kufufuza, muli vestigium, phazi la pa dothi. Wapolisi wa CID ndi agogo anga kumunsi kwa khola akugwira ntchito ya dzina limodzi.

Abambo ena amene adaphunzira Chigiriki ku seminale yaikulu atamva kuti ndikufufuza zimenezi adandionjezera ziwiri. Choyamba, acolyte, dzina la ife otumikira pa guwa, lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza wotsata, ndipo mneni wa banja lomwelo ndi amene alembi a Uthenga Wabwino amagwiritsa ntchito ponena za ophunzira kutsata Yesu. Chachiwiri chidandidzidzimutsa. M'mutu 3 wa kalata yake kwa Afilipi, Paulo Woyera akugwiritsa ntchito mneni mmodzi, dioko, pa ndime 6 pofotokoza momwe ankazunzira Mpingo, ndiponso pa ndime 12 ndi 14 pofotokoza momwe akuthamangira mphotho imene waitanidwira. Omasulira m'Chingerezi amakakamizika kugwiritsa ntchito mawu awiri osiyana, persecute pa ndime yoyambayo ndi press on kapena ena otere pa zinazo. Miyendo ndi yomweyo, changu ndi chomwecho, chimene chasintha ndi chimene akufuna kuchita akafika. Womasulira wosankha mawu mwa chiponyeponye monga adachitira mnzanga akadamusandutsa Paulo wozunza mphotho.

Pali mbali ina imene imakhudza Chingerezi chathu cha kuno. Ife timati, "I was chased from school because of fees." Aliyense kuno amamva, chifukwa m'mutu mwathu muli kuthamangitsidwa kapena kupirikitsidwa sukulu. Koma Mngerezi akamva amaona m'maganizo mwake ahedi atakwinya buluku akukuthamangitsa mpaka kumsewu. Iye amati sent home ngati wabwezedwa kukatenga fizi, suspended ngati waimitsidwa kwa kanthawi, expelled ngati wachotsedweratu. Timatinso my follower ponena mng'ono wathu wopondana naye, pamene Mngerezi akamva follower amaganiza za wophunzira wa mneneri kapena wokutsata pa intaneti. Ine sindikuti tichite manyazi ndi kalankhulidwe kathu. Anthu a ku Nigeria, ku India ndi ku America ali ndi Chingerezi chawochawo ndipo sapepesa kwa aliyense. Pabwalo la mpira ndi m'chipinda chogona tizilankhula momwe timamverana. Koma munthu ayenera kudziwa kuti mawu awa amagwira pano, awa amagwira uko, monga tidziwira kuti kabudula wa kumunda sapita naye ku Misa.

Apa ndafika pa mfundo imene ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Abambo aja adatithandiza m'mphindi imodzi chifukwa adagwiritsa ntchito Chichewa. Akadati stalk amatanthauza to follow stealthily, tikadatsegulanso dikishonale kufuna stealthily, n'kupeza furtively, n'kumangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Koma atangotitulutsa mawu oti kuwenda pakamwa, thupi lidachita tsemwe, chifukwa tonse tikudziwa kuti munthu akati akundiwenda ndiye kuti moyo wake uli pachiswe. Chichewa chili ndi kutsata, kutsatira, kulondola, kulondalonda, kuthamangitsa, kupirikitsa, kuingitsa, kusaka, kuzonda, kuwenda ndi kuperekeza, ndipo palibe mwana wa Fomu 1 amene angasokoneze kuperekeza mlendo ndi kumupirikitsa. Nzeru yosiyanitsa tili nayo kale. Chimene chimasowa ndi mlatho.

Ena adzati lamulo lolankhula Chingerezi chokha pa sukulu lili ndi chifukwa chake, ndipo akunena zoona. Munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Maphunziro a ku seminale yaikulu ndi ku yunivesite ali m'Chingerezi. Chilankhulo sichilowa popanda kuchilankhula, ndipo tikadasiyidwa tokha ambiri a ife bwenzi tikulankhula Chingerezi pa mtsutso pokha. Zonsezi ndikuvomera, ndipo sindikupempha kuti lamulolo lichotsedwe. Chimene ndikutsutsa ndi ganizo lakuti Chichewa ndi mdani wa Chingerezi, loti wofuna kudziwa chinacho ayenera kuiwala chinzake. Mnyamata amene amachita manyazi kunena kuti adakumbapo mbewa wataya buku labwino koposa lofotokoza mawu oti track. Amatsala ndi mndandanda wa m'kope, umene suuza munthu kuti mawu awa amaluma.

Kwa inu makolo, nkhaniyi ikukukhudzaninso, pakuti mafoni amene mumatibwereka pa holide adzaza ndi mawu omwewa. Kampani za intaneti zidasankha mawu ofatsa aja, follow, kuti munthu azinyadira kuchuluka kwa omutsata. Koma foni yomweyo imachita track mwini wake: imasunga kumene wapita, zimene wafufuza ndi nthawi imene wakhala pa tsamba lililonse, ndipo otsatsa malonda amalondola mpita umenewo monga ife timachitira ndi mbewa. Pakati pa kutsata munthu ndi kumuwenda pa intaneti pali mpata waung'ono, ndipo ndinene mosabisa kuti kutsegula zithunzi za zidzukulu za eni tsiku ndi tsiku, ngakhale ndi mtima wabwino, kudayandikira malire. Mawu adali olakwika, koma Abambo adamuuzanso mnzangayo kuti chizolowezicho achichepetse. Inu amene Chingerezi simudachiphunzire musadzione ngati mulibe chotithandiza nacho. Tifunseni kuti tikumasulireni m'Chichewa zimene talemba tisanatumize. Mnzanga akadawerengera azakhali ake uthenga uja, mwina akadagwidwa pa mawu oyamba omwe, ngati iye mwini akadadziwa chimene akumasulira.

Pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti pophunzitsa mawu ofanana matanthauzo azitipatsa chiganizo cha mawu aliwonse, ndipo pamene pavuta azilola mphindi zochepa kuti tifufuze mnzake wa m'Chichewa kapena m'chilankhulo china cha kwathu, pakuti pakati pathu pali olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena. Kwa oweruza mtsutso, wophunzira akaponya bomba azimuimitsa kuti alimasulire pomwepo. Kwa anzanga, thesaurus ndi buku lokumbutsa mawu amene ukuwadziwa kale. Mawu achilendo ukawapeza m'menemo, pita nawo kaye ku dikishonale, uwerenge zitsanzo zonse, ndipo ukakayikabe funsa. Safunsa adadya phula, ndipo ife tidamuona akudya.

Kalata yopepesa tidalemba anthu atatu, mnzangayo, ine ndi Abambo, ndipo idatitengera madzulo awiri. Tidakangana pa mneni. Ine ndinkati tilembe following. Abambo adati pambuyo pa zimene zachitika, mawu aliwonse oika mnyamatayu kumbuyo kwa amayiwo aziwachititsabe mantha. Pomaliza tidachotsa banja lonselo, ndipo mnzanga adalemba ndi dzanja lake kuti ankakondwa kuona zithunzi za dimba lawo, kuti adatola mawu m'buku osadziwa tanthauzo lake, ndi kuti akupepesa. Abambo adaonjezera tsamba lawo lofotokoza za thesaurus ndi za mphaka ndi nkhunda.

Yankho lidafika patatha milungu itatu. Fizi ya teremu ino yalipiridwa. Pa Facebook sadamutsegulirebe, ndipo adati kuyambira tsopano makalata azidzera kwa Abambo a ku parishi monga kale. Kumapeto kwa kalatayo adafunsa kuti kuwenda amatchulidwa bwanji, popeza galu wawo amachita zomwezo ndi agologolo a m'dimba.